Kulemera kwa Mpweya wa Okutobala

Ndimakwera makwerero isanakwane sikisi,
thumba la zida kumsana, kiyi pakamwa,
malata a ofesi yathu ku Luwinga asanayambe kuotcha mapazi.
Padengapo pali bokosi lomwe limapuma usiku wonse
ngati ng'ombe yogona:
kukoka mpweya, kuusefa, kuulavula.

Dzulo ndinaikamo kapepala koyera ngati dzino la mwana.
Lero katuluka kotuwa, mtundu wa bulu.
Ndimakatola ndi kapani, osati ndi chala,
poti thukuta nalo lili ndi kulemera kwake.

Sikelo ya m'chipinda chotseka mazenera
imadana ndi munthu wopumira pafupi.
Ndimagwira mpweya m'chifuwa
mpaka manambala atasiya kunjenjemera.
Ndiye Mzuzu wadzulo ameneyo:
utsi wa maminibasi pa Katoto,
fumbi la njinga zamoto za ku Mchengautuwa,
phulusa la paini wa ku Chikangawa
lobwera popanda kulipira thiransipoti,
zonse pamodzi
sizifika njere imodzi ya mawere.
Koma ndi zomwezo zimadzutsa Tinkhani wanga pakati pa usiku,
chifuwa chikulira ngati khomo losadzozedwa mafuta.

Ozoni ndiye sasiya phazi papepala.
Alibe chumuni, palibe amamukoleza.
Dzuwa ndilo limamuphika
ndi makombo a injini ndi a moto wolusa,
napsa cha m'ma thu koloko,
kumwamba kuli mbee, anthu akuti lero kwacha bwino.
Ndimamuona pa kamzere kobiriwira kokha,
kakukwera pang'onopang'ono ngati lole ya matabwa pachitunda.
Lachitatu magetsi anazima.
Maola anayi a mzerewo palibe,
ngakhale tonse tinapuma ndithu maola amenewo.

Vinjeru Sichinga ali ndi mzinda wake pa kompyuta.
Anaucheka m'timabwalo tofanana ngati minda ya sikimu,
nathiramo mphepo ya mpoto, kutentha, chiwerengero cha magalimoto,
ndi moto womwe makina a m'mlengalenga amauona usiku.
Akadina batani, mawa limabadwa lisanafike:
kufiira kukutsika ku Kaning'ina,
kuwoloka Lunyangwa, kukagona ku Zolozolo.
Masiku ambiri zake ndi zanga zimapatsana moni.
Sabata ino ayi.

Kompyuta ikuti Chibavi kuli bwino.
Kapepala ka bokosi la ku Chibavi kakuti bodza.
Vinjeru wasintha mphepo, wasintha chinyezi,
watukwana makina, wapepesa, wamwa tiyi wozizira.
"Pali china chikufuka kumeneko," akutero,
"chomwe sindinachiwerenge."

Ine phee.

Ndikuchidziwa.
Uvuni wa njerwa kuseri kwa tchalitchi,
woyaka masiku atatu ndi nkhuni zaziwisi,
a Mzumara akuusonkhezera atamanga nsanza kumphuno.
Njerwa zikwi khumi ndi ziwiri.
Ndinalipira kale theka.
Ndi za chipinda cha Tinkhani,
choti chikhale ndi zenera lalikulu, azipuma bwino.

Usikuwo ndinakhala pakhonde kuyang'ana kung'anima kwake.
Amati choipa chitsata mwini;
ichi chinanditsata mpaka pasikelo,
n'kudzandiyang'ana ndi manambala anayi.

M'mawa ndinaloza ndi cholembera pagalasi la kompyuta.
"Ikanipo uvuni umodzi apa."
Sanafunse kuti ndadziwa bwanji.
Anadina. Kabwalo kaja kanachita chikasu, kenako kufiira,
mzere wake ndi wanga n'kukumbatirana.
Iye anaomba m'manja.

Chizimalupsa akuti ndi sabata yamawa.
Idzatsuka thambo, mapiri adzasendera pafupi,
kapepala kadzatuluka koyera pang'ono.
Ndidzakalemba tsiku, ndidzakayeza monga mwa nthawi zonse,
nditagwira mpweya m'chifuwa.
Njerwa zija zikuzizira.
Ngolo ibwera Loweruka.